Apongozi Awerenga Buku la Besi

"Ayi, bambo, mwathamanga. Bwererani pa E!" anatero apongozi, akugogoda pansi ndi ndodo yawo.

Dumudumu anapukutira thukuta la m'manja pa buluku, nagwiranso gitala yake ya besi. Patebulo panali buku lotsegula, lopanikizidwa ndi botolo la shuga kuti mphepo isatembenuze tsamba. Apongozi anali pampando wa ndalema, mwendo wodwala atausanjika pa kampando, pensulo kukhutu.

"Wani, thuu, firii, folo. Tiyeni!"

Dzina la Dumudumu anamupatsa ndi anzake a kuntchito, chifukwa poyendetsa galimoto yogawa buledi ankangokhalira kuliza besi pakamwa. Zaka khumi anali akuimba m'maukwati ndi m'mapwando, khutu lokhalokha. Nyimbo akaimva kawiri, zala zinkapeza zokha njira. Koma mtima wake unali pa jazi, ndipo tsiku lina anamva kuti bandi yoimba pa hotela ina Lamlungu masana ikufuna wabesi.

Mkulu wa bandiyo anali bambo woimba piyano amene aliyense ankangowatchula kuti a Magalasi. Iwowa anamubwereka buku lakale la chikuto chong'ambika, momwe munalembedwa ndendende mayendedwe a besi a akatswiri akale, notsi iliyonse monga anailizira mwini wake.

"Tsamba 12 ndi 13. Mubwere pakatha masabata atatu tidzakumveni," anatero a Magalasi. "Manotsi mumawerenga, eti?"

"Kwambiri," anayankha Dumudumu. Bodzalo linangotuluka lokha ngati kuyetsemula.

Atafika kunyumba n'kutsegula bukulo, anapeza mizere isanuisanu yodzaza timadontho takuda, ngati mbalame zotera pa nthambo zamagetsi. Analiyang'ana chowongoka, naliyang'ananso chozondotsa. Mkazi wake anasuzumira paphewa pake, nafa nacho chikhakhali.

"Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nanga inu, amuna anga, nkhope ndi imeneyo, nyimbonso yakukanani, titani nanu?"

Apa m'pomwe analowererapo apongozi. Iwowa, amayi a mkazi wake, anali mphunzitsi wopuma, ndipo ankakhala pakhomopo chichitireni opaleshoni ya bondo. Masiku ankawatalikira, moti anali atayamba kukonza Chingerezi cholakwika pa mapaketi a sopo.

"Bweretsani kuno," anatero. "Ine ndinaimba kwaya ya ku koleji zaka zitatu, mawu oyamba. Timadontho timeneti ndi anzanga akalekale."

Anavala mandala, nanola pensulo, nayamba kulemba chilembo pansi pa notsi iliyonse. Dumudumu ankadziwa pomwe chilembo chilichonse chili pa gitala, choncho ntchito inayenda. Tsiku ndi tsiku akaweruka masana, ankangosamba m'manja n'kukhala patebulo. Apongozi ankagunda ndodo, iye n'kumayendetsa zala. Anthu awiri amene kale ankangopatsana moni waulemu n'kusowa chokamba, tsopano ankakangana ngati ana a kalasi imodzi.

Komabe khutu la Dumudumu silinkakhazikika.

"Amayi, pamzere wachitatuwu pakumveka ngati munthu waphonya sitepe."

"Nanga jaziyo si nyimbo ya anthu ophonya masitepe? Buku silinama, bambo. Lizani zomwe zalembedwa."

Iye anagonja. Ndani angatsutsane ndi munthu amene anaphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi zisanu?

Loweruka la mayeso linafika. Bandi inkakonzekera m'chipinda cha kuseri kwa hotela, momwe munali mipando younjikidwa mpaka kudenga ndi fungo la polishi. Munali a Magalasi pa piyano, ndi woimba ng'oma, chimunthu chachikulu chosekaseka chimene chinkatafuna chotokosera m'mano.

"Tsamba 12," anatero a Magalasi, nawerenga ndi zala.

Dumudumu analowa molimba mtima. Zala zinkayenda zokha, osaphonya, osachedwa. Koma asanamalize mzere wachiwiri anaona a Magalasi akukwinya nkhope ngati aluma ndimu. Piyano inkapita uku, besi uko. Anaimitsa, nayambanso. Zomwezo.

Wang'oma anaika timitengo take pansi.

"Achimwene, kuyenda mumatha, ndakuvulirani chipewa. Koma basi mwakwerayi ndi yopita kwina."

"Ndaliza monga zalembedwera," anatero Dumudumu, makutu akutentha.

A Magalasi anatenga bukulo, naliyandikiza kumaso. Anayang'ana zilembo za pensulo zija, zokongola, zopendekera mbali imodzi ngati za pa satifiketi.

"Analemba izi ndani?"

Panalibenso pothawira. Dumudumu anaulula zonse, za bodza lija, za apongozi, za ndodo yogunda pansi. Wang'oma anaseka mpaka chotokosera chinagwa.

"Bwerani muone," anatero a Magalasi, akuloza kumayambiriro kwa mzere. "Kachizindikiro aka kooneka ngati khutu, ka timadontho tiwiri, kakutanthauza kuti mizereyi ndi ya mawu apansi, a besi. Apongozi anuwo anazolowera ya mawu apamwamba, yomwe imayamba ndi chizindikiro chopiringizika ngati njoka. Mizere ndi isanu konsekonse, koma mayina ndi osiyana. Kwa iwo mzere wapansi ndi E. Kwa inu ndi G. Notsi iliyonse m'masamba awiriwa mwailiza masitepe awiri kunsi kwa malo ake."

"Iliyonse?"

"Osasiyako ndi imodzi yomwe. Safunsa anadya phula, bambo."

Dumudumu anayamba kukulunga chingwe cha gitala, maso pansi.

"Mukupita kuti?" anafunsa a Magalasi. "Tsekani bukulo. Ndiliza, inu munditsate ndi khutu."

Analiza nyimbo yodekha, ndipo Dumudumu anaitsata. Poyamba ankapapasa, kenako anapeza njira, nayamba kuyenda pansi pa piyano notsi zinayi zinayi, mpaka wang'oma anatola timitengo take n'kulowa. Pamalo awiri okhota anasochera, koma anabwerera msanga.

"Khutu lilipo, ndipo nthawi mumasunga ngati wotchi," anatero a Magalasi. "Munthu woloweza masamba awiri olakwika osaphonya ndi kamodzi komwe si waulesi. Koma ife kuno timapatsana nyimbo papepala Lamlungu m'mawa, masana n'kuimba. Ndikupatsani sabata imodzi. Mubwere mukuwerenga ndi maso anu, osati a apongozi."

M'basi yobwerera, Dumudumu sankaganiza za a Magalasi. Ankaganiza za momwe munthu amauzira apongozi ake kuti analakwitsa. Anapeza mkazi wake akuanula zovala kuseri kwa nyumba, namunong'oneza zonse. Mkaziyo anadziphimba kukamwa ndi pilo kesi, mapewa akugwedezeka.

"Mukawauze ndinu," anachonderera Dumudumu. "Ndi amayi anu."

"Ine? Buku ndi lanu, bodza ndi lanu. Walira mvula walira matope. Komanso dziwani kuti chibadwire changa sindinawamvepo amayi akunena kuti ndalakwa. Mukapulumuka mundiuze."

Apongozi anali pabalaza, atavala diresi lawo lopitira ku misonkhano, ngati kuti mayesowo anali awo.

"Zayenda bwanji, bambo?"

"Zayenda, amayi. Ayamikira kwambiri kasungidwe ka nthawi. Akuti amene anandiphunzitsa kuwerenga wani, thuu ndi katswiri."

"Nanga ntchito?"

"Akuti ndibwerenso Loweruka. Pali kanthu kakang'ono. Mwina gitala yangayi ndi imene..."

"Bambo, ine ndamva mabodza a ana asukulu zaka makumi atatu ndi zisanu. Lanuli n'losapsa. Nenani."

Dumudumu anagwada pambali pa mpando, natsegula bukulo, naloza kachizindikiro kooneka ngati khutu kaja. Anafotokoza monga anafotokozera a Magalasi, mawu akuwasankha ngati munthu woyenda pa magalasi osweka. Apongozi anavala mandala. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chikuwerenga mizere kuchokera pansi. Mkazi wa Dumudumu anaima pakhomo ndi dengu la zovala, osalowa, osatuluka.

"Hmm," anatero apongozi potsiriza. "Ku koleji kuja, mizere ya m'munsiyi inali ya anyamata. Ife atsikana ankatiletsa kuyang'ana za anyamata."

Mkazi wa Dumudumu anagwetsa dengu. Apongozi anayesa kuumitsa nkhope, koma milomo inawakanika, ndipo anaseka mpaka kuvula mandala n'kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Masabata atatu ndikukukalipirani, inu mukundiuza kuti munthu waphonya sitepe! Ndalakwa, bambo. Mwanawe, tola zovalazo, wamva bwino, sindibwerezanso."

Anaitanitsa labala, nafufuta okha zilembo zonse, tsamba 12 ndi 13, akuuzira tinyenyeswa pansi. Dumudumu anawapatsa pensulo kuti alembe zolondola, koma iwo anaikankha.

"Ayi. Kulemberana mayankho ndi kumene kwatipweteka. Tengani pepala, mujambule mizere isanu. Tiphunzira tonse, ndipo wolakwitsa aziphika tiyi."

Pofika Lachitatu, Dumudumu anali ataphika tiyi kasanu ndi kawiri, apongozi kawiri, ndipo kawiri konseko anamutuma mwana wawo, mkazi wa Dumudumu, kuti awaphikire chifukwa cha bondo. Koma mzere wachitatu uja unali utasiya kuphonya sitepe. Dumudumu ataudutsa koyamba osayang'ana zala, anamva besi ikutsika n'kukwera ngati munthu woyenda m'nyumba yakeyake, ndipo ndodo ya apongozi inasiya kugunda pansi.

"Kani nyimboyi ndi yokoma chonchi?" anatero apongozi chapansipansi.

Madzulo a tsikulo foni ya apongozi inalira. Anali mwana wawo wamwamuna, kukumbutsa kuti abwera Lachisanu kudzawatenga, popeza adokotala anati bondo lachira ndipo akhoza kubwerera kwawo.

"Lachisanu sizitheka," anatero apongozi. "Ndili ndi wophunzira amene akulemba mayeso Loweruka. Ubwere Lolemba." Anaima kaye, nayang'ana bukulo, nalipima kunenepa kwake ndi zala. "Kapena ndikuimbira ndine. Bukuli lili ndi masamba makumi asanu ndi atatu."

Anadula foni, natembenukira kwa mkamwini wawo.

"Mwaima chifukwa chiyani, bambo? Tsamba 13, kuyambira pamwamba."