Nkhafi Imene Anamusiyira Sidik

Pa sukulu ya mishoni ina kufupi ndi Ulongwe, ophunzira a Sitandade Sikisi sankachoka asanachite maliro awo. Palibe ankadziwa amene anayambitsa mwambowu. Tsiku lotsiriza, mayeso atatha, omaliza onse ankadzola phulusa kumaso n'kugona chagada pa mphasa pansi pa mitengo ya mango, a makalasi aang'ono akulira maliro abodza. Kenaka mmodzi wa akufawo ankadzuka n'kuwerenga kalata yogawa chuma cha masiye. Wina ankasiyira mnzake khasu lothyoka mpini, wina mkonono wake, wina nsikidzi zake zonse pamodzi ndi ana awo. Wotchulidwa ankabwera kutsogolo, n'kugwada, n'kunena kuti, "Ndalandira. Mzimu wanu uuse." Aphunzitsi nawo ankabwera ndi mipando yawo kudzaseka.

M'chaka cha 1953 anzake anasankha Blasius kuti alembe kalatayo. Anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri wa ku Balaka, mwana wa katekisiti, ndipo pakamwa pake panali pothwa. Akakupatsa dzina, linkakukakamira mpaka kwanu.

Koma Blasius anali ndi chinthu chimene sankafuna kuti chidziwike. M'nyengo ya mvula chaka chomwecho anadwala likodzo. Poyamba ankangoona magazi akamataya madzi, ndipo anangokhala chete. Kenaka m'mawa wina anadzuka mphasa yake ili yonyowa.

Amene ankagona pafupi naye m'nyumba ya anyamata anali Sidik, wa Sitandade Folo, wochokera ku Chikweo. Anali Msilamu yekhayo m'nyumbamo, wofatsa, wa mutu wa masamu. Sidik atangofika kumene, Blasius ndi amene anakauza ophika kuti tsiku la nyama ya nkhumba azimusungira nyemba. Kwa Blasius chinali chinthu chaching'ono, ndipo anachiiwala msanga. Sidik sanaiwale.

M'mawa umenewo belu lodzutsa lisanalire, Sidik anayang'ana mphasa ija, n'kuyang'ana Blasius. Anakoka mphasa yonyowayo, n'kukankhira yake youma pa malo a mnzakeyo, n'kutuluka kupita kuchitsime. Zinachitika choncho milungu itatu, mpaka jakisoni wa kuchipatala cha mishoni atagwira ntchito. Anyamata ankaona Sidik akuyanika mphasa kuseri kwa nyumba, ndipo anamupatsa dzina loti Wopalasa Bwato.

Tsiku lina ali awiri kumunda wa sukulu, Blasius anamufunsa chimene ankachitira zimenezo.

"Inu ndinu a Sikisi, achimwene," anatero Sidik akupalira. "Akakusekani simudzadzukanso. Ine amandiseka kale, chifukwa cha mapemphero anga, chifukwa cha Chiyao changa. Ichi n'chongowonjezera."

Blasius anathokoza, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kutatsala masiku atatu kuti maliro achitike, Elliam, kapitawo wa ophunzira, anabwera kwa Blasius ndi kankhafi kakang'ono kamene anasema m'nyumba yopalira matabwa. Kanali kosalala bwino, kotalika ngati mkono wa munthu.

"Aka n'ka Sidik," anatero Elliam. "Iwe ungopeza mawu ake."

"Musiyeni mwanayo. Tili ndi anthu ambiri oti tiwaseke."

"Bwanji ukumuikira kumbuyo? Kapena bwatolo mumapalasa awiri?"

Elliam ankangocheza, ndipo anyamata amene anali pomwepo anaseka. Koma Blasius anaopa kuti mwina Elliam akudziwa kanthu. Anasekanso nawo, n'kulandira nkhafi ija, n'kukhala pansi kulemba. Mawu ake anabwera mosavuta.

Tsiku la maliro kunazizira, chiperoni chikuwomba. Makolo ena anali atafika kudzatenga ana awo, ndipo anaima kumbuyo kwa khamu kuti aonere nawo. Blasius anadzuka pakati pa akufa, phulusa likuyoyoka m'masaya, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a mzukwa. Kwa mnyamata wina waulesi anasiya tulo ta Sitandade Sikisi yonse. Kwa atsikana a kwaya anasiya mawu a nthetemya amene akufawo analephera kuwafika. Kwa aphunzitsi a Wyson, amene ankaphunzitsa masamu, anasiya zikoti zonse zimene zinathyokera pa matako a omaliza, "kuti akasonkhere moto, popeza kumanda kulibe kukwapulana." A Wyson anaseka mpaka kupukuta misozi.

Atafika pa dzina la Sidik, Blasius anakweza maso. Kumbuyo kwa khamu kunaima bambo wina wamtali, wovala mkanjo woyera ndi kachisoti, atagwira njinga imene matayala ake anali ofiira ndi fumbi. Nkhope yake inali ya Sidik yeniyeni. Anali Che Mohamedi, amene anapalasa masiku awiri kuchokera ku Chikweo kudzatenga mwana wawo. Ankamwetulira, akusangalala ndi masewerawo.

Blasius akanatha kudumpha mzere umenewo. Palibe amene akanadziwa kupatula Elliam, amene anagona pa mapazi ake atatsegula diso limodzi. Anayang'ana diso limenelo, n'kuwerenga:

"Kwa Sidik wa ku Chikweo, ife akufa tikusiya nkhafi iyi, kuti nyanja imene imasefukira pa mphasa yake m'bandakucha isadzamumize. Tikumupemphanso kuti akagwira chambo azikumbukira anzake."

Panali phokoso lalikulu. Akufa anaiwala kuti ndi akufa, n'kumagubuduzika pa mphasa. Atsikana anabisa nkhope m'manja. Sidik anatuluka pakati pa anzake, akuyenda pang'onopang'ono, n'kugwada pamaso pa Blasius. Anatambasula manja awiri monga mwa mwambo.

"Ndalandira, achimwene. Mzimu wanu uuse."

Ananena akumuyang'ana m'maso, wopanda mkwiyo. Blasius anamaliza kalata yonse, koma sanamvenso chimene ankawerenga. Atayang'ananso kumbuyo kuja, Che Mohamedi anali akumangirira katundu wa mwana wawo pa njinga. Mpunga ndi nyama ya mbuzi za phwando lotsanzikana zisanafike, awiriwo anali atapita.

Blasius anabwerera ku Balaka. Zotsatira zinatuluka, anakhoza bwino, ndipo anapeza malo kusukulu ya uphunzitsi. Bambo ake anapha tambala. Iye ankadya, ankayankha oyamikira, koma akangoona munthu akuyanika mphasa pa mpanda ankatembenuka. Kangapo anayamba kulemba kalata yopita ku Chikweo. Sankapitirira moni.

Mu Okutobala anakumana ndi a Wyson pa siteshoni ya sitima ku Balaka, atabwera kudzalandira mabuku a sukulu. Atapatsana moni, Blasius anafunsa za anzake, akuzungulira, mpaka anafika pa Sidik.

"Sanabwerere," anatero a Wyson. "Bambo ake anatumiza mawu kuti mwana wawo sanamupititse kusukulu kuti akhale choseketsa. Ndinadandaula. Mwana uja pa masamu ankakuposa iwe."

Pomwepo, pakati pa mabelo a thonje odikira sitima, Blasius anaulula zonse. Analankhula akuyang'ana pansi. A Wyson anamvetsera mpaka kumapeto.

"Inenso ndinaseka tsiku lija, ndiye sindingakuweruze," anatero. "Koma ukuuziranji ine? Ine si amene ndinagwada."

M'mawa mwake Blasius anapempha njinga ya bambo ake. Anawoloka Shire pa Liwonde, anagona kwa mbale wa mayi ake ku Ntaja, ndipo anafika ku Chikweo dzuwa lili paliwombo. Anafunsa njira kawiri. Anapeza Che Mohamedi atakhala pamthunzi wa nkhokwe akumata chubu cha njinga, pabwalo patayanikidwa makaka a chinangwa. Anamuzindikira nthawi yomweyo, koma anamupatsa mpando ndi madzi akumwa monga mlendo aliyense. Anadikira kuti amwe.

"Mwabwera kutali," anatero Che Mohamedi. "Kwagwanji?"

Blasius anatsika pampando n'kukhala pansi. Mawu amene anakonza njira yonse anathawa.

"Bambo, mphasa ija sinali ya Sidik. Inali yanga. Ndine amene ndinkadwala. Iye ankangondibisira."

Che Mohamedi anaika chubu pansi. Kenaka anaitana mwana wawo, amene anali kuseri akusenda chinangwa. Sidik anabwera ndi mpeni m'manja. Ataona Blasius anaima, kenaka anapereka moni mwaulemu.

"Zimene akunena anzakowa n'zoona?" anafunsa bambo ake.

"N'zoona, baba."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Matendawo sanali anga oti ndiziulula."

Che Mohamedi anavula kachisoti kawo, n'kukayang'ana, n'kukavalanso. Atalankhula, ankalankhula kwa Blasius, koma maso ali kwa mwana wawo.

"Pamene ndinkamutumiza kwa Akhirisitu, abale anga onse anakana. A shehe anandiitana kawiri. Ndinati iyayi, mwanayu aphunzire, adzawerenge sikelo ya thonje yekha. Tsiku lija ndinabwera ndi mtima wonyada. Pobwerera, kuyambira ku Ulongwe mpaka pakhomo pano, sindinamuyankhule ngakhale liwu limodzi. Titafika ndinakamufunira mankhwala a ana okodza pogona. Wamwa mizu yowawa mwezi wathunthu, alongo ake akuona. Ankangomwa."

Blasius sanathe kukweza mutu. Nyerere zinkayenda pa phazi lake, iye osazichotsa.

"Ndikhululukireni, bambo. Sidik, ndikhululukire."

"Kukhululuka si kovuta," anatero Che Mohamedi. "Mwapalasa masiku awiri, ndaona. Koma mawu aja munawanena pamaso pa anthu oposa zana. Pano tilipo atatu."

Anamudyetsa, anamugoneka, ndipo m'mawa Sidik anamuperekeza mpaka pa msewu, akumukankhira njinga. Panjira Blasius anamupempha kuti abwerere kusukulu, nalonjeza kuti akakonza zonse.

"Malo anga anapatsa wina," anatero Sidik. "Komanso atsibweni andilandira kale ku Ntaja, ndiziphunzira kusoka. Musadzivute, achimwene."

"Unandikwiyira?"

Sidik anaganiza kaye. "Tsiku lija ayi. Ndinadziwa kuti mukuopa Elliam. Ndinakwiya pamene ndinkamwa mankhwala aja, chifukwa ndinkayembekezera kalata yanu tsiku ndi tsiku."

Blasius sanapite kwawo. Anakhotera ku Ulongwe, n'kupempha a Wyson kuti amupezere mpata wolankhula pa mzere wa m'mawa. Anaima pamaso pa sukulu yonse, n'kunena kuti amene ankanyowetsa mphasa anali iyeyo, kuti Sidik ankamuchapira, ndiponso kuti analemba mawu aja akudziwa zoona zake. Ena anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala ina ya Blasius. Ataona kuti iye sakuseka, anakhala chete mmodzimmodzi. Mnyamata wina wa Sitandade Faifi, amene ankagona mbali inayo ya Sidik, ananena mokweza kuti, "Ndiye kuti munamupha kawiri." Palibe mphunzitsi amene anamuletsa.

A Wyson analemba kalata ku Chikweo yofotokoza zimene zinachitika, n'kunena kuti malo a Sidik apezeka chaka chamawa. Che Mohamedi anayankha mothokoza, koma Sidik sanabwerere. Anali atazolowera makina osokera, ndipo anati sangakhalenso m'kalasi limodzi ndi ana amene anali kumbuyo kwake.

Blasius anakhala mphunzitsi, ndipo patapita zaka zisanu anamutumiza kusukulu ina pafupi ndi Ntaja. Loweruka lililonse akapita kumsika ankadutsa pa khonde la sitolo pamene Sidik ankasokerapo. Ankapatsana moni, kufunsana za kunyumba, nthawi zina Sidik ankamusokera malaya. Amalonda ena ankabwera kwa telalayo kuti awawerengere masamu amene awakanika, ndipo iye ankawayankha pamtima, phazi likupondabe makina. Zikatero Blasius ankatsanzika msanga, n'kunena kuti ali ndi mabuku a ana oti akachonge.