Msuzi wa Nkhono Imodzi

Nyanja ya kuno imachoka m'mamawa ngati mkazi wotopa ndi banja. Imalongedza madzi ake n'kupita kutali, kutisiyira matope bii, miyala yoterera, ndi fungo la mchere losakanikirana ndi dizilo. Kuseri kwa mpanda wa doko zombo zangoti ndundundu, mimba zake zofiira psuu. Ine ndili pakati pa matopewo ndi beseni langa, msana ukuwawa, zidendene zitang'ambika. Ndatopa nayo nyanjayi, nayonso ikuoneka kuti yatopa nane.

Kwathu ku Ntcheu nkhono sitidya. Ukaiona pa tsinde la nthochi umalavula n'kupitirira. Ndinadzaphunzirira kuno kugombe la Mozambique, nditatsatira amuna anga a Alufeyo, amene anapeza ntchito yopala ndi kupenta zombo. Anandiphunzitsa ndi mayi Atija, mnansi wanga, akundiseka mpaka misozi poona mmene ndinkakwinyira nkhope. Anandipatsanso malamulo awiri a pamiyala: mwala ukautembenuza uubweze mmene unaupezera, ndipo nkhono yokhalira mazira usaikhudze.

Lamulo lachiwirilo linatha ntchito lokha, chifukwa mazira anasowa. Zaka zimenezo a Alufeyo ankaweruka ali psuu, m'tsitsi psuu, m'makutu psuu, akamina kumatuluka zofiira. Pentiyo anali woletsa ndere ndi tizilombo kumata kunsi kwa chombo, ndipo ntchito yake ankaigwiradi. Fumbi lake linkagwera m'madzi, madzi n'kudzalitula pamiyala pathu. Nkhono sizinafe tsiku limodzi ayi. Zinkangokalamba, zikuluzikulu zokhazokha, popanda kamwana kozitsata pambuyo. Tinkatola, zikuchepa. Tinkapita kutali, zikuchepa. Kenako tinkangotembenuza miyala, kunsi kwake kuli mbee.

Nthawi ina kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, wovala majombo, n'kuswa zigoba zingapo ife tikuonerera. Anati chifukwa cha penti uja nkhono zazikazi zamera chiwalo chachimuna, njira ya mazira yatsekeka, mazirawo akuolera m'kati. Amayi anzanga anafa nacho chikhakhali, akugundana zigongono. Ine sindinaseke. M'nyumba mwathu simunalirepo khanda, ndipo ndimadziwa kuwawa kodikira mwezi ndi mwezi chinthu chosabwera.

Akuti penti uja analetsedwa kalekale. Zombo zikadali zofiira, koma mankhwala ake ndi ena. Chomwe palibe amene anachiletsa ndi chifuwa cha a Alufeyo. Ali gone pamkeka, nthiti zili pamtunda, akatsokomola umamva ngati wina akung'amba chiguduli. Phala akukana, mpunga akukana, tiyi amangonyowetsera milomo. Koma lero, kutangocha, anandiitana ndi mawu otsika.

"Nachisale, pakhosi panga pakufuna msuzi wa nkhono. Uja munkaphika kale uja, wa kokonati."

"Ndikayang'ana, bambo," ndinatero, ndikudziwa kuti ndikupita kukasambitsa miyala.

Ndinayenda mpaka kumene matope amathera, kudutsa zingwe zoola, kudutsa mabotolo, kudutsa nangula wodyeka ndi dzimbiri. Dzuwa linali litayamba kundiotcha pakhosi. Ndinagwada pa thanthwe lomalizira, n'kusuzumira kunsi kwake mosayembekeza kanthu.

Nkhono zinali mmenemo. Zitaunjikana, zitakwerana, zili phee mumthunzi. Pakati pake timatumba ta mazira tachikasu tili ndandanda, tomata kuthanthwe ngati njere za mpunga zoimika. Pamchenga wonyowa tiana ting'onoting'ono tinkayenda, tikusiya timizere pambuyo. Beseni langa likanadzaza, a Alufeyo akanamwa msuzi lero, mawa ndi mkuja. Panalibe wondiona. Mayi Atija tinawaika m'manda chaka chatha.

Ndisaname, sindinakondwe. Ndinapsa mtima, nsanje inandigwira. Izi zadikira, zachira. Matope ameza poizoni pang'onopang'ono, madzi atsuka, madzi atsukanso, ndipo izi zayambanso kubala ngati palibe chinachitika. Nanga ine adzanditsuke ndani? Nanga mapapo a munthu wagona pamkeka uja, nyanja iti idzalowemo n'kutulukamo?

Ndinatambasula dzanja n'kugwira yaikulu yapamwamba. Inakakamira. Ndinakoka, inakakamirabe, ndipo ndinaona kathumba kamodzi kakuphwanyika pansi pa chala changa, madzi ake mbuu. Ndinabweza dzanja. Sindinazisiye chifukwa cha mtima wabwino ayi, manja ndiwo anakana. Pambali, payokha, panali ina yokalamba, chigoba chake chokumbika, yosakhalira kanthu. Imeneyo ndinaiponya m'beseni, n'kulira gobede, ndipo inalirabe gobede gobede njira yonse, madzi akubwerera kumbuyo kwanga.

Kunyumba ndinapala kokonati, ndinadula anyezi, ndinathira mchere, ndinathira madzi ambiri kuposa ofunika. Kanyamako ndinakadula tizidutswa kuti kaoneke kochuluka. Nditalawa ndinamva kokonati ndi mchere basi, nkhono inali itasowera m'madzimo. Ndinawadzutsa a Alufeyo, n'kuwatsamiritsa kukhoma, n'kuwapatsa msuziwo m'kapu. Anavundula ndi supuni, akufufuza.

"Imodzi yokha?"

"Zinalipo zambiri, bambo. Zinazo zili pa mazira."

Supuni inaima. Panja mafunde anali atafika kale pampanda wa doko, akumenya mwaulesi.

"Mwati mazira?"

"Eya, mazira. Ndi tiana tomwe."

Chifuwa chawo chinkalira mluzu. Kenako anakweza kapu ndi manja onse awiri, n'kumwa kamodzi, n'kumwanso. Msuzi wina unatsikira m'ndevu, ine n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Wakoma," anatero, akundibwezera kapu isanafike ndi pakati pomwe. "Mawa musapitekonso, Nachisale. Mungazipondere ana."