Mpando Wolira

Pakampani ina yogulitsa simenti panali mwambo wakale: mkulu wa nthambi akamapuma pantchito, ankapita ndi mpando wake wa m'chipinda cha misonkhano ngati mphatso. Mkulu wa zamagalimoto atapuma kumapeto kwa Meyi, mpando wake wachikopa anaukweza pa lole anthu akuwomba m'manja. Patebulo panatsala mipando isanu ndi mpata umodzi.

Udindowo unapita kwa mayi amene madalaivala ankamutcha Namondwe chifukwa cha kayendedwe kake. Analowa pakampanipo ali kalaliki wa mafuta, ndipo kalata yomukweza inatuluka pa 2 Juni. Mpando wokha ndiwo sunatuluke. Mkulu wa zachuma, a Mawa, omwe dzinalo analipata chifukwa cha yankho lawo pa pempho lililonse, anati mipando yotere imachita kuitanitsidwa kunja, choncho mayi ayambe akhala kukhoma.

Kukhomako kunali benchi ya oitanidwa. Wokhala pabenchi ankalankhula akafunsidwa, ndipo povota dzanja lake silinkawerengedwa. Lamulo linali loti amavota ndi okhala patebulo.

Namondwe anakhala pabenchi misonkhano iwiri. Wachitatu unali Lachinayi pa 19 Juni, ndipo nkhani yake inali imodzi: kugulitsa malole onse n'kuyamba kubwereka a kampani ina. Akulu a nthambi anayi aja anali atagawikana pakati, ndipo zikatero abwana aakulu ankadula okha. Aliyense ankadziwa kuti iwo anali mbali ya a Mawa, yofuna kugulitsa. Malole akapita, madalaivala apita, pamodzi ndi atsikana amene Namondwe anawaphunzitsa chiwongolero, ndipo iye atsala mkulu wa garaja yopanda kanthu.

M'mawa wa tsikulo, mwamuna wake akusita malaya, anamuuza mwanthabwala kuti ngati vuto ndi pokhalira, anyamule mpando wa pulasitiki wa pakhonde. Namondwe anaseka mpaka kugwira chitseko. Kenako anasiya kuseka, n'kuvala nsapato zafulati.

Mu ofesi yake, pafupi ndi garaja, munali mpando wamateyala womwe anaukhalira kuyambira ali kalaliki. Nsalu yake inali itang'ambika pogonetsa mkono, ndipo teyala limodzi linkalira ngati mwana wagalu. Anausanjika mapepala ake n'kuyamba kukankha.

Kulirako kunamveka nyumba yonse. Amakanika anatulutsa mitu pansi pa malole. Mu ofesi yaikulu amayi a malisiti anasiya makompyuta, ndipo wina anafuula kuti asisi akusamuka, tiwaperekeze. Chikepe chinali chitafa, ndiye dalaivala wamkazi, ali m'ovololo yake, anagwira miyendo ya mpandowo, Namondwe nagwira kumsana. Anakwera masitepe akuphulika kuseka pokhota paliponse.

Pakhomo la chipinda cha misonkhano Namondwe anapukuta thukuta, n'kulowa yekha. Anakankha mpando uja pang'onopang'ono, ukulira, mpaka pampata paja, pakati pa a Mawa ndi mkulu wa zamalonda. Unali waufupi kuposa inzake, moti tebulo linamufika pachifuwa.

Abwana aakulu anavula magalasi.

“Mayi, ichi n'chiyani?”

“Ndi mpando, bwana.”

A Mawa anati zimenezi n'zochititsa manyazi, chipindachi chimalandira alendo, ndipo mpando woyenera ubwera ndithu.

“Liti, achimwene?” anafunsa Namondwe.

A Mawa anatsegula pakamwa, koma mkulu wa zamalonda anali atayamba kale kugwedezeka mapewa ndi kuseka.

Abwana aakulu anati mwambo wa pano ndi mipando yachikopa. Namondwe anavomera kuti mwambowo amaulemekeza, ndipo tsiku lopuma adzanyamula wakewu mosangalala. Koma lamulo, anatero, limanena za tebulo, silinena za chikopa. Ngati iwo akufuna kuti abwerere kukhoma, anene poyera kuti mkulu wa zamagalimoto savota pa nkhani ya magalimoto, mlembi alembe, iye adzuka.

Mlembi anakweza cholembera n'kuyang'ana abwana.

Abwana aakulu anavalanso magalasi n'kunena kuti msonkhano uyambe.

Namondwe sanalankhule nthawi yaitali. Anafotokoza kuti nyengo yamvula yapitayi kampani yobwereketsa ija inasiya makasitomala ake panjira, pamene malole a pakampanipo anafika kulikonse. Anavomera kuti malole awiri ndi okalamba ndipo ayenera kugulitsidwa. A Mawa anatsutsa mwamphamvu, ndipo zina zimene ananena zinali zoona. Namondwe akatembenuka kuti awayankhe, mpando unkalira.

Manja atakwezedwa, awiri anati malole agulitsidwe, atatu anakana. Dzanja lachitatulo linali lotsika kuposa ena, koma mlembi analiwerenga.

Potuluka, a Mawa anamupeza akukankha mpando wake m'khonde. Anati wachikopa ufika sabata yamawa, ndipo pakali pano amakanika angathire kamafuta pateyalapo.

“Ausiye,” anatero Namondwe. “Muzindimva ndikamabwera.”

Pamwamba pa masitepe dalaivala uja anali akudikira, manja ali m'chiuno. Namondwe anamuonetsa zala zitatu, ndipo anagwirizana mpandowo kutsika nawo.