Sipanala Yasowa M'shedi

"Werenganso," anatero a Kuramochi.

Nagamine anawerenganso, chala chikudumpha kuchoka pa chida china kupita pa china. M'bokosimo chida chilichonse chinali ndi malo ake osemedwa m'siponji, moti chimodzi chikachoka pankaoneka ngati pamene paguluka dzino.

"Palibe, mkulu. Sipanala yaing'ono ija."

Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana naini koloko, ndipo helikoputala inayenera kunyamuka teni koloko. Lamulo la pakampu ya ndege za asilikali apanyanjayo linali losachita kufunsa: chida chikasowa, ndege imene yagwiridwa m'mawa umenewo siuluka mpaka chipezeke. Kachitsulo kotalika ngati chala kakatsalira pafupi ndi injini kangathe kugwetsera anthu anayi m'nyanja.

A Kuramochi anali mkulu wa amakaniko onse m'shedi yosungiramo ndi kukonzeramo ndegeyo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, ndipo pa nkhani ya zida ankaopedwa kuposa mkulu wa kampu yense.

"Zaka zisanu ndi zinayi uli pano, iwe!" anakuwa, mawu akumveka mpaka kudenga. "Ndiye ukundiuza kuti sipanala yamera miyendo? M'mutu mwakomo muli chiyani, madzi a m'nyanja? Khala chete, sindikufuna zifukwa. Nonse siyani zomwe mukuchita!"

Nagamine anangoweramitsa mutu, makutu atafiira. Anali mayi wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, wosalankhulalankhula, ndipo miyezi iwiri kutsogoloko ankayembekezera kukalemba mayeso okwezedwa paudindo.

Tsikulo silinali tsiku wamba. Unali ulendo womaliza wa a Shiomi, woyendetsa helikoputala amene anauluka zaka makumi atatu ndipo Lolemba lotsatira ankapuma pantchito. Mwambo wake unali wodziwika. Munthu amauluka kamodzi kuzungulira gombe, akatera anzake amamukhuthulira ndowa za madzi, kenako banja lake limamupatsa maluwa. Mkazi wa a Shiomi ndi ana awo aakazi awiri anali atafika kale, ataima pafupi ndi khomo la shedi m'makhoti awo aatali. Helikoputala ina inali kutali pa sitima, ina inali yophwasula. Yotsala inali yomweyi.

A Shiomi analowa atavala kale zoulukira, chisoti atakolekera pamkono. Iwo ndi a Kuramochi analowa usilikali chaka chimodzi, ndipo ali anyamata anasanzira limodzi m'ndowa imodzi pa sitima yawo yoyamba.

"Tetsu, wandibisira ndege kuti ndisapume eti? Ukuopa kutsala wekha ndi ana awa?" anatero a Shiomi, akuitana a Kuramochi ndi dzina lawo loyamba.

"Bwana, tipatseni ola limodzi."

"Lero ndasanduka bwana? Ndiye kuti zavutadi." Anaseka n'kuyang'ana kumwamba kudzera pakhomo. "Azanyengo akuti thu koloko chipale chofewa chiyamba kugwa. Usandikalambitsire pansi, mdala iwe."

Anthu makumi anayi anafola mzere umodzi, phewa ndi phewa, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono maso ali pansi, kuchoka kukhoma lina mpaka lina. Anakhuthula mabini. Anasuntha makabati amene sanasunthidwepo zaka khumi. Atalephera pansi, a Kuramochi analamula kuti atsegule zivundikiro zonse za helikoputala, chimodzichimodzi, kuyambira pamwamba pomwe Nagamine anagwira m'mawawo.

Teni koloko itangopitirira, a Kuramochi ali chiimire pansi pa mchira wa ndege, maso awo anagwera pa kangolo konyamulira ndowa za mwambo uja, kali pakona. Anakumbukira. M'mawa kwambiri anapeza gudumu la kangoloko likugwedera. Bokosi la Nagamine linali lotsegula pafupi, mwiniwake ali pamwamba pa ndege. Iwo anatola sipanala, anamanga nati, ndipo nthawi yomweyo lamya inalira mu ofesi.

Anatembenukira kukhoma ngati akuwerenga chikalata chomatidwa pamenepo, n'kupisa manja m'matumba a jekete. Munali mpango ndi cholembera basi. Anapisa m'matumba a thalauza. Munalibe. Anapita pa kangolo paja, anagwada ngati akusaka monga wina aliyense, anasuzumira pansi. Panalibe.

"Ndinabweza," anadziuza. "Ine sindingasiye kubweza. Ndinabweza, iye n'kuitenganso."

Akanatha kunena. Anali mawu ochepa chabe: inenso ndinaigwira m'mawa. Koma kumbuyo kwawo kunali anthu makumi anayi amene anamva mmene anakalipira, ndipo ambiri mwa iwo anakalipiridwapo chimodzimodzi. Anadzuka, anasasa maondo, n'kuuza anyamata awiri kuti atsegulenso chivundikiro cha pansi.

Leveni koloko inadutsa. Mwana wamng'ono wa a Shiomi anakasiya maluwa m'galimoto kuti asafote ndi mphepo. Ofisala woyang'anira kukonza ndege, bambo wachinyamata dzina lake Ebihara, anaitanira Nagamine pambali, ndipo a Kuramochi anamva zonse.

"Ikapezeka kapena isapezeke, ulembe lipoti lero. Za mayeso ako tikambirana kenako."

"Chabwino, bwana."

Thwelofu koloko anthu anapita mosinthana kukadya. Linali Lachisanu, tsiku la mpunga wa kare, msuzi wa zonunkhira uja, monga mwa nthawi zonse, koma a Kuramochi sanapiteko. Analowa m'chipinda chosinthira zovala kuti akhale okha pang'ono. Anadziponya pa benchi, n'kutsamira kukhoma. Chinthu cholimba chinawabaya m'chiuno.

Anakhala kaye osagwedezeka. Kenako anatambasula dzanja kumbuyo, n'kukhudza m'mphepete mwa jekete. Thumba lamanja linali ndi kachibowo pakona, kamene mkazi wawo anawauza kawiri konse kuti abweretse jekete kunyumba akasoke. Sipanala inadutsa pamenepo n'kuyenda m'kati mwa nsalu mpaka kumsana. Anaikankha pang'onopang'ono ndi zala mpaka inatulukira pomwe inalowera. Inali yofunda. Inali ndi utoto wobiriwira pampini, chizindikiro cha bokosi la Nagamine.

Wotchi ya pakhoma inkati hafu pasiti thwelofu. Kutseka zivundikiro zonse zomwe analamula kuti zitsegulidwe, ndi kuyendera chilichonse, inali ntchito ya maola atatu. Akananena teni koloko muja, wina akanati vulani jekete tione, ndipo a Shiomi bwenzi ali m'mwamba tsopano.

Anatuluka sipanala itafumbatidwa m'dzanja, dzanjalo lili m'thumba. M'mbali mwa shedi munkadutsa ngalande ya madzi yovundikira ndi zitsulo za mipata. Munthu akanangoima pamenepo, kutsegula dzanja, kenako kuuza wina kuti awalitsenso tochi m'ngalandemo. Ikanapezeka. Palibe akanadziwa kuti inafikamo bwanji, ndipo lipoti likanakhala la mwini bokosi. Anafika mpaka pa ngalandepo. Anaima.

"Mkulu."

Anali Nagamine. Sanapite kukadya. Anali atagwada mapazi ochepa kuchoka pamenepo, tochi kudzanja, maondo a ovolosi atanyowa, zala zitang'ambika ndi kuzizira chifukwa anavula magolovesi kuti azimva bwino zimene akukhudza.

"M'ngalandemo ndayang'anamo katatu," anatero. "Pepani, mkulu. Ndaononga tsiku la a Shiomi."

A Kuramochi anayang'ana zala zija. Anatembenuka n'kuyenda mpaka pakati pa shedi.

"Aliyense abwere kuno! Kaitaneninso amene akudya. A Ebihara, chonde. A Shiomi nawonso."

Anthu anasonkhana, ena akupukutabe pakamwa. A Kuramochi anatulutsa dzanja m'thumba n'kulitambasula. Wina kumbuyo anayamba kuwomba m'manja, koma ataona nkhope yawo analeka.

"Inali m'jekete yanga," anatero. "Ndinaitenga m'bokosi la Nagamine m'mawa osamuuza. Iye sanalakwe chilichonse." Anayang'ana a Shiomi. "Ndinakumbukira teni koloko kuti ndinaigwira. Sindinanene."

Anavula chipewa n'kuwerama kwambiri, mpaka kuona nsapato zawo zokha. M'shedimo munangomveka mphepo ikugwedeza chitseko chachikulu. Anakhala choncho mpaka msana unayamba kuwawa.

"Tsekani zivundikiro," anatero a Ebihara pomaliza, ndi mawu otsika. "Mwa dongosolo, osathamanga. A Kuramochi, mukamaliza mundipeze ku ofesi."

Chipale sichinadikire n'komwe thu koloko. Chinayamba kugwa zivundikiro zisanafike theka, chopyapyala poyamba, kenako chochindikala mpaka nyanja inasowa. Ulendo unalephereka. Loweruka ndi Lamlungu kunalibe zouluka, ndipo Lolemba dzina la a Shiomi linali likuchoka pa mndandanda wa oyendetsa ndege.

A Kuramochi anawapeza a Shiomi poimika magalimoto, atasintha kale zovala, akuika chisoti chawo kumbuyo kwa galimoto. Mkazi wawo ndi ana anali m'kati, magalasi atachita nthunzi.

"Bwana Shiomi, ndilibe mawu."

"Usanditchule bwana." Anatseka chitseko cha kumbuyo. "Kuiwala sindikudandaula nako, Tetsu. Takalamba tonse. Ine dzulo ndasaka magalasi ali pamphuno."

"Komabe..."

"Zaka makumi atatu ndakwera ndege iliyonse imene iwe unati ili bwino. Sindinayang'anepo kawiri. Mkazi wanga ankagona tulo chifukwa ndinkamuuza kuti pansi pali Kuramochi." Anapukuta chipale pamapewa. "Maola awiri ndi theka, iwe uli chete, mayi uja akukwawa pa simenti. Zimenezo ndiye sindikudziwa kuti ndiziike pati."

Analowa m'galimoto. Mkazi wawo anatsitsa galasi pang'ono n'kuweramitsa mutu mwaulemu, monga amachitira munthu kwa mlendo. A Kuramochi anawerama mpaka galimoto inakhota pa geti.

Atabwerera m'shedi anapeza Nagamine yekha pamwamba pa makwerero, akumanga chivundikiro chomaliza. Anagwira makwererowo ngakhale sankagwedera. Nagamine atatsika, a Kuramochi anamupepesa, mawu akudukaduka. Nagamine anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta manja ndi kansanza.

"Ndinakuonani, mkulu," anatero.

"Unandiona?"

"Mukuitenga. Ndinali pamwambapo. Ndinaganiza kuti mubweza, ndiye sindinasamale."

"Nanga bwanji sunanene, iwe? Tsiku lonse!"

Mawu awo anakweranso osadziwa, ndipo anaona mapewa a mayiyo akudzikoka okha, monga amachitira munthu wozolowera.

"Ndikanauza ndani?" anatero Nagamine. "Amene amafunsa ndinu. Ndinkangosaka kuti mwina munaisiya penapake, ndiipeze ine, nkhani ithe." Anapinda kansanza kaja. "Si ine ndekha ndinaona. Awiri ena analipo."

Anatenga bokosi lake n'kupita kukalipereka kosungira zida.

A Kuramochi anakhala pa desiki yawo mu ofesi yaing'ono ija, pepala la lipoti lili patsogolo. Analemba za kangolo, za lamya, za kachibowo ka m'thumba. Analemba nthawi imene anakumbukira ndi nthawi imene ananena. Anafika pa mzere wofunsa chomwe chinachititsa, cholembera chinaima nthawi yaitali. Kenako analemba kuti anthu atatu anaona, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatha kuuza mkulu wawo, chifukwa cha mmene mkuluyo amalankhulira ndi anthu ake. Maina awo sanawalembe.

Anatsegula kabati ya desiki n'kutulutsa chidindo chawo, chimene ankadinda nacho kutsimikiza kuti ndege ili bwino kuuluka. Mpini wake unali utasalala ndi zala zawo. Anachiika pamwamba pa lipotilo, ananyamula zonse ziwiri, n'kukagogoda pa chitseko cha a Ebihara kuti akazipereke.