Pa Mpopi wa Madalaivala

Dokotala wa mano sanazungulire. Anandipatsa kagalasi n'kunena kuti, "Mayi, onani nokha. Nkhama zatupa, ndikangokhudza zikutuluka magazi. Ndikukupatsani masabata asanu ndi limodzi. Mukabwera zili chonchi, mawayawa ndichotsa. Bola mano okhota kusiyana ndi mano owola."

Ndinatuluka m'chipindamo mtima ukuwawa. Ine mawaya owongola mano ndinawaikitsa ndili ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, ana atakulakula. Chiyambire ubwana mano anga akutsogolo anakwerana, moti pa zithunzi zonse za banja ndimaoneka ngati ndameza mankhwala owawa. Ndiye awachotse mwezi wachisanu womwe uno? Ayi ndithu.

Vuto linali ntchito. Ndimakonza kirimu wopaka pa makeke pa bekare ina yaikulu, ndipo mphika uliwonse ndimaulawa usanapite kwa opaka. Kakhumi pa tsiku, mwinanso kuposa. Shuga yenseyo ankakanirira kunsi kwa waya tsiku lonse, ine n'kumatsuka m'mawa ndi madzulo basi, ngati munthu wopanda zitsulo m'kamwa.

Kutacha ndinapita kwa akapitawo athu.

"Akapitawo, ndiloleni ndizisakaniza miphika yonse kawiri pa tsiku. Ndilawe yonse nthawi imodzi, ndikatsuke m'kamwa, basi."

"Iii, mayi, bekare yonse isinthe chifukwa cha mano anu?"

"Tiyese sabata imodzi. Keke ngakhale imodzi ikachedwa, mundibweze kwakale."

Anavomera monyinyirika, koma anati mswachi usafike pa sinki ya m'khitchini. Pamenepo sindinatsutse, ngakhale ine ndikanamukalipira wina wolavulira pomwe timatsukira mbale. Ndiye kunatsala mpopi wa kuseri, pomwe madalaivala amatsukira magalimoto operekera buledi.

Abale, kutsuka mano a mawaya ndi ntchito! Mswachi uupendeketse pamwamba pa waya, kenako pansi pake. Ukatero utenge kaburashi kakang'ono ulowetse pakati pa tizitsulo, kamodzikamodzi. Pomaliza ulusi, kuupisa kunsi kwa waya dzino lililonse. Mphindi khumi ndi zisanu zimatha. Ndinalibe galasi, ndinkadziyang'anira pa galasi la m'mbali la galimoto, kukamwa kuli yasa, madalaivala ali pomwepo ndi zidebe zawo.

Dalaivala wamkulu, yemwe anzake amamutcha Mabuleki, sanachedwe kuyamba.

"Alamu, mukutsuka mano kapena mukusoka diresi?"

"Inu samalani anu atatu otsalawo, achimwene," ndinayankha ulusi uli lende pakamwa.

Anzake anaseka mpaka wina anagwetsa chidebe. Inenso ndinaseka, koma kunena zoona manyazi ankandigwira. Mzimayi wamkulu ngati ine kulavula pamaso pa azibambo! Sabata yoyamba ndinkalavula zofiira zokhazokha, ndipo tsiku lina ndinabwerera m'khitchini misozi ili m'maso. Ndinati mwina ndachedwa kale.

Mkati mwa sabata yachitatu thovu linatuluka loyera. Ndinalavulanso kuti nditsimikize. Loyera mbee! Mabuleki, yemwe masiku amenewo anali atayamba kundiimikira galimoto moti galasi liloze ku mpopi, anasuzumira pansi n'kugwedeza mutu.

"Koma ndinu a liuma, alamu."

Za makeke akapitawo sanatchulenso. Kwa iwo aja, kukhala chete ndiye kuyamikira.

Tsiku litakwana ndinagona pa mpando wa dokotala. Anandipaka mankhwala ofiirira amene amaonetsa litsiro lobisala, ndinachukucha, iye n'kuyatsa getsi lake lija. Anayang'ana nthawi yaitali. Anakhudza nkhama ndi kachitsulo, uku ndi uku. Kenako anaitana namwino.

"Tabwerani muone. Ana asukulu opanda chochita amalephera izi."

Atatero anatenga kapulayala n'kugwira waya. Mtima wanga unangoti phwii. Ndinamva wayayo akusololoka m'mano, ndipo ndinamugwira dzanja dokotalayo.

"Adokotala, mwayamba kuchotsa?"

"Ndikuchotsa wowondayu, mayi. Nkhama zanu zalimba, tsopano tiika wokhuthala. Ameneyu ndiye akoke mano akutsogolowa. Konzekani, masiku atatu simutafuna bwino."

Sananame. Ndisanafike n'komwe pamalo okwerera basi, mano onse anali akuwawa ngati wina akuwakoka ndi chingwe. Ndinaimbira foni bambo a kunyumba.

"Bwanji, achotsa?" anafunsa mwamantha.

"Amanga! Amangitsitsa! Akuwawa koopsa!"

"Nanga ukusekeranji?"

Ndinangokhala pa benchi nditagwira tsaya, ndikuseka, mpaka gogo wina amene anali pambali panga anasendera kutali ndi chikwama chake.