Chidutswa cha Mwala wa Zigoba

Anthu a mumsewu wawo ankawatcha a Samalani, chifukwa munthu sankadutsa pakhomo pawo osachenjezedwa. Samalani galimoto, samalani chisanu, samalani waya uyo. Koma chimene iwo ankachiopa kuposa zonse sanauzepo munthu.

Chimwalirireni amuna awo, ankapita kumanda Lachinayi lililonse. Zilembo sankazidziwa, choncho malowo ankawapeza poyambira pamtengo wa pageti: mizere isanu, n'kukhotera kumanja. Tsiku lina mtengo uja unadulidwa. Manda a m'tauni musamawadalire, ana inu, ziliza zake n'zotuwa zokhazokha, zofanana ngati mano a chipeso. A Samalani anapeza manda opanda chiliza ngati a amuna awo, anakhala pansi n'kuyamba kudandaula za bondo, za mpopi wodontha, za mwana wosaimba foni. Ola lathunthu. Kenako kunabwera mayi wina atanyamula maluwa.

"Pepani agogo, achemwali angawa munkadziwana nawo?"

Tsiku limenelo sanadye. Anangokhala pampando moyang'anizana ndi mpando wopanda munthu.

Mwana wawo mmodzi yekhayo anabwera kuchokera kutali kumene ankagwira ntchito, masiku awiri okha, kudzaikitsa chiliza. Anawatengera kwa wosema miyala. Kumeneko fumbi linali koboo, miyala yosalala itatsamira khoma ngati zitseko.

"Mwana iwe, choka apo, ungakugwere!"

"Amayi, ndili ndi imvi ine."

"Mwala suona imvi."

Wosemayo anaseka n'kuika zidutswa ziwiri patebulo, china chotuwa moderako, china choyererako.

"Yonse iwiriyi inabadwira m'madzi, agogo. Wotuwawu m'mabuku amati gireweki. Ndi mchenga ndi matope zimene zinagumukira pansi pa nyanja yakuya n'kupanikizika mpaka kuuma gwa. Woyerawu ndi kokina, zigoba za nkhono zimene mafunde anaunjika kugombe, zinamatana zokha."

Anathira madzi pa wotuwa, madziwo n'kuyenderera mpaka pansi. Anathira pa woyera, madzi n'kulowa zii. Anaukanda ndi msomali, tizinyenyeswa n'kuyoyoka.

A Samalani anausisita. Unali wokhakhala, tizigoba tikuoneka mbee, tina tathunthu, tina tosweka. Mwala wotere, ngakhale pakati pa ziliza chikwi, munthu angauone ali pageti.

"Ndikufuna uwu."

"Amayi, mwaona nokha ukumwa madzi ngati buledi mu tiyi! Dzina la ababa lifufutike?"

"Akunena zoona achimwenewa," anatero wosema uja. "Kuusema ndiye n'kosavuta, koma zilembo pamenepa sizikhalitsa. Ndikakugulitsani mudzanditukwana ndili m'manda."

A Samalani anafuna kuulula. Akanangoti, mwananga, ndinasochera, ndinacheza ndi mlendo ola lathunthu. Koma ana a masiku ano muziwaopa, sachedwa kunena kuti mutu wa amayi wayamba kusokonekera. Akanawalongedzera katundu n'kupita nawo kwawoko, kunyumba yosanja, kutali ndi manda. Ndiye Lachinayi azikapita kwa yani?

"Tseka pakamwa, fumbili limalowa m'chifuwa," anangotero.

Mwanayo anasankha wotuwa. Anawapatsira pepala lolembapo mawu a pachiliza kuti agwirizire, iye n'kutuluka kukayankha foni. A Samalani analiyang'anitsitsa pepalalo, akugwedeza mutu ngati akuvomereza. Wosema uja anaona kuti aligwira chadodolido. Sanaseke. Anawerama pansi pa tebulo, natulutsa chidutswa cha mwala wa zigoba chachikulu ngati njerwa.

"Mayi anga nawonso ankazungulira manda onse kufunafuna," anatero chapansipansi. "Mukachiike kumutu, pamwamba pa chiliza, osati padothi. Padothi chimayamwa chinyezi."

"Mwanayu asamve."

"Ine ndimamva macheka okha, agogo. Koma dziwani, sicholimba. Zaka zingapo basi."

"Nanga ine ndatsala ndi zingati?"

Anachikulunga mu juzi n'kuchiika pansi pa chikwama. Chiliza chitaikidwa, anadikira kuti mwanayo apite kukalankhula ndi amisiri, iwo n'kuchikhazika kumutu. Madzulo ake anamuperekeza kubasi. Anamuuza kuti asakhale pawindo, asadye za m'njira, akafika aimbe. Basi inanyamuka asanamalize.

Mvula inagwa sabata yonse, ndipo iwo ankangoyang'ana padenga, akuganiza za mwala wawo womwa madzi. Lachinayi anaima pageti. Ziliza zotuwa zinali ndandanda, zonyowa, zosasiyana. Kenako anakaona, kadontho koyera cha uko.

Anapita molunjika, osawerenga mizere. Atachikhudza, kachigoba kamodzi kanatsalira pachala. Anakamanga pakona ya mpango, kuti kangatayike, n'kukhala pansi pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija.

"Ndi inu eti, abambo?" anafunsa, akuyang'ana uku ndi uku ngati kukubwera munthu wa maluwa. Kunalibe. "Mwana wanu uja sanaimbebe. Mpopinso ukudonthabe."