Amayi ndi Ng'oma ya MRI

Amayi anga, ba Clementina, atsogolera kwaya ku Kasisi zaka makumi awiri, ndipo sangamve ng'oma osagwedeza mutu. Mphuno yawo itayamba kutsekeka mbali imodzi ndi kukha magazi, dokotala ku Lusaka anakayikira khansa ya kuseri kwa mphuno, natitumiza kukajambulitsa pa makina a MRI.

Wojambula, ba Cheelo, anawagoneka ndi kuwachenjeza kuti asasunthe ngakhale pang'ono. Ine ndinatsala panja, ndikumva makinawo akugunda kuti gu-gu-gu. Posakhalitsa ba Cheelo anandiitana, nandionetsa chithunzi. Chinali chifunga chokhachokha.

"Onani apa," anatero. "Chotupa chingabisale, kapena tingaone chotupa pamene palibe. Amayi anu ayimba m'kati muja."

Ndinapsa mtima, nditembenukira amayi atangotuluka m'makinamo. "Amayi! Tadzuka mbandakucha, takwera maminibasi awiri, kuti mudzachite kwaya muno?"

"Sininakweze mawu, Emelda," anayankha. "Nanga ng'oma ilire, ine nikhale chabe zii?"

Ulendo wachiwiri ba Cheelo anandivulitsa ndolo, poti makinawo amakoka zitsulo, nandilola kulowa. Ndinagwira amayi chala cha kuphazi. "Mukagwedeza mutu, nitsina," ndinawauza. Ndinatsina kamodzi kokha.

Chithunzi chinatuluka chowala, chilichonse chikuoneka bwinobwino. Dokotala sanapeze chotupa, koma kutupa wamba kofuna mankhwala. Ine misozi mbwee, koma amayi anagwira ba Cheelo pamkono.

"Zikomo, mwana wanga. Koma wang'oma wanu uja athamanga maningi, afulumiza nyimbo kwambiri. Mum'tumize ku Kasisi Loweruka, nikamuphunzitse."